Matabwa a Sekuru Chimphonda

Lachitatu, 12 Ogasiti

Lero ndadzuka ndi manyazi. Ndimayembekezera kudzuka ndi chisoni, popeza Sekuru Chimphonda tinawaika m'manda dzana, koma chimene chandidzutsa ndi kutentha kwa nkhope, ngati munthu amene wapezeka akuba. Ndinakhala kaye chigonere kumvetsera mphepo ikugwedeza malata. Kenako ndinakumbukira kuti lero ndi tsiku la lole yogula matimati, ndipo mlatho wathu uli ndi chibowo pakati.

Ndilemba za Sekuru m'Chichewa ngakhale kunyumba timalankhula Chitumbuka, chifukwa iwo ankandilankhula m'Chichewa masiku onse. Chitumbuka chawo chinali chomvetsa chisoni. Atakhala kuno zaka zonsezi, mawu amene ankawatchula bwino anali yewo basi, zikomo wa kuno, ndipo nawonso ankawaumira.

Sekuru sanali wathu wamagazi. Kwawo kunali ku Dedza. Anabwera kumpoto kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, ndipo anakwatira ankhazi a adada, ndiye kuti mlongo wa agogo anga aamuna, amene timawatchula Gogo NyaShaba. Atapuma ntchito sanabwerere kwawo. Abale a gogo anawapatsa malo m'mudzi mwathu muno, kum'mawa kwa Jenda, tsidya la kamtsinje ka Kamalaza. Kuno kwathu mkazi ndiye amatsata mwamuna, choncho mwamuna wokhala kwa mkazi amakhala mlendo mpaka imfa. Pa misonkhano ya mudzi ankapatsidwa mpata pomalizira, anthu atayamba kale kusansa fumbi m'mathalauza. Iwo ankalankhulabe, mokweza, kulankhula ndi misana ya anthu.

Anali wamfupi, wa mapewa otambalala. Chala chimodzi cha kumanzere anachisiya ku macheka. Ankavala ovolosi yomwe palibe amene ankadziwa mtundu wake woyamba, ndipo m'thumba mwake simunkasowa nyundo. Akamayenda ankayang'ana pansi, osati chifukwa cha ulemu, koma ankafuna misomali. Msomali wopindika, wadzimbiri, ankautola n'kukauwongola pa mwala wawo wa pa mlatho. Ife ana tinkayamba kumva fungo lawo tisanawaone. Ankapempha oyilo wakuda wotha ntchito ku chigayo ndi kwa amakanika a pa Jenda, n'kumapaka matabwa a mlatho kuti asawole. Fungo limenelo linalowa m'zovala zawo, m'ndevu, ngakhale m'nzimbe zimene ankatigawira.

Pa tchuthi chapitachi ndinkawerenga pa khonde buku la kusukulu, mutu wonena za zimene zimakweza chuma cha dziko losauka. Sekuru anadutsa ndi chitini chawo cha oyilo.

"A Folomu Filii, mukudya chiyani m'bukumo?"

"Za chuma cha dziko, Sekuru."

"Dziko lake liti? Lino? Tandiwerengera, mwina ndingamve kumene anachibisa."

Ndinawamasulira pang'onopang'ono. Bukulo linkati dziko limakwera ngati anthu ake aphunzira, ngati ali ndi thanzi, ngati pali mtendere, ngati anthu asunga kenakake n'kukagwiritsa ntchito yobala zina, ndiponso ngati pali misewu ndi milatho yofikitsa zokolola ku msika. Nditafika pa milatho anatula chitini pansi.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Alembadi milatho? Loza ndi chala."

Sankadziwa Chingerezi, koma anayang'anitsitsa mawuwo nthawi yaitali. Sabata yonseyo anauza aliyense wodutsa pa mlatho kuti buku la boma lagwirizana nawo. Koma nditawawerengera ndime yonena kuti dziko silingakwere ngati akazi alibe mawu pa za malo ndi malonda, anatola chitini chawo n'kunena kuti pamenepo wolembayo anali atatopa. Anali otero. Buku linali lanzeru pokhapokha likavomereza zawo.

Za mmene mlatho unayambira ndinamva kwa amama, chifukwa ine ndinali ndisanabadwe. Akuti kale madimba athu ankabala matimati ambiri ngati lero, koma galimoto sinkafika. Azimayi ankasenza madengu mpaka ku Jenda, kuwoloka Kamalaza ndi miyendo. Pofika kumeneko, a pansi pa dengu anali ataphwanyika, ndipo dzuwa likapendeka ankagulitsa pa mtengo uliwonse umene wogula watchula, poopa kubwerera nawo. Sekuru ankati tomato wa m'dimba si chuma ayi, ndi madzi ofiira chabe, amasanduka chuma akakumana ndi womufuna asanafewe. Anavutitsa amuna a m'mudzi mpaka anagwetsa mitengo ikuluikulu ya bulugamu n'kuigoneka kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija. Pamwamba pa zipikazo anakhomapo matabwa otsala ku macheka, amene anachita kupempha kwa anzawo akale a ku ntchito.

Chaka chotsatira kunabwera Mayi Nambewe, mzimayi wa bizinesi wa ku Lilongwe, ndi lole yobwereka. Anagula matimati pa dimba penipeni. Kuyambira pamenepo akhala akubwera nyengo iliyonse. Malata amene andidzutsa lero anachokera m'lole imeneyo. Chigayo chinabwera chifukwa cha njira imeneyo, golosale ya a Tembo chimodzimodzi. Ine ndi anzanga amene tili ku sekondale tinawolokera pa matabwa omwewo. Amama amati kale mtsikana wa m'mudzi uno akamaliza pulayimale ankayamba kuyembekezera ng'ombe za malowolo basi.

Sindikufuna kulemba ngati anali mngelo. Anali ndi pakamwa powawa. Abale athu a ku Joni akabwera pa Khirisimasi n'kumanga nyumba zikuluzikulu za magalasi, kenako n'kuzikhoma n'kubwerera, Sekuru ankawauza pamaso kuti ndalama zawo zayenda ulendo wautali kudzangogona tulo. Ankawafunsa chifukwa chake sanagule pampu yothirira kapena ngolo. Iwo ankaseka, n'kuwapatsa chipewa kuti akhale chete. Chipewa ankalandira, koma chete ayi. Akaona malole a matabwa akudutsa pa Jenda, ankadandaula kuti mitengo yathu imatuluka yosapala n'kudzabwerera ili mipando ya m'sitolo, yoti wocheka sangaigule. Wina wofuna voti atalonjeza mlatho wa simenti n'kugawa nsalu za nkhope yake, Sekuru analandira yawo mwaulemu, mawa lake n'kuyamba kupakira oyilo. Nkhope ya munthuyo inada bii tsiku limodzi, ndipo mlatho wa simentiwo sitinauone.

Analakwitsaponso. Anadzala bulugamu pafupi ndi kasupe kumene azimayi ankatunga madzi, akuti akukonzekera zipika za mtsogolo. Mitengoyo itakula kasupe anayamba kuuma. Azimayi anawazinga ndi zidebe zopanda kanthu. Sanapepese. Anangotenga nkhwangwa n'kugwetsa yonse ya pafupi ndi madzi, n'kusiya iwiri ya kumtunda. Iwiriyo anati ndi yanga, popeza chinali chaka chimene ndinakhoza mayeso a Sitandade 8. Anati ikadzakula adada adzacheke matabwa agulitse, ndidzalembere mayeso a Folomu 4. Ankaitchula kuti banki ya Wezi.

Mkangano wawo waukulu unali ndi adada. Adada ndi kalipentala, ndipo m'mudzi muno munthu akamwalira ndi iwo amakhoma bokosi. Salipiritsa. Panali zaka zina, ndili wamng'ono, pamene maliro ankachuluka kwambiri, anyamata ndi atsikana akungotsatana. Matabwa ogula ali ku Jenda, ndalama palibe, ndipo mtembo sudikira. Choncho anthu anazolowera kupita pa mlatho m'mamawa n'kuzulapo thabwa limodzi kapena awiri a m'mbali. Ankati abwezera akakolola. Palibe amene anabwezapo.

Ndikukumbukira tsiku lina Sekuru ataima pakhomo pa shedi ya adada, ine ndikutola zopalapala zokolezera moto.

"AShaba, bokosi la dzulo lija linali lokongola. Matabwa ake munagula sitolo iti?"

"Za maliro safunsa choncho, aChimphonda."

"Ine ndafunsa. Mlatho waguluka mano."

"Ndiye mwana wa a Tembo akanagona pa mphasa? Mayi wake akulira mwana, inu mukulira thabwa?"

"Ndikulira mayi wakeyo. Watsala ndi ana ena, ndipo dimba lake lili tsidya lino. Lole ikaleka kubwera mudzawakhomeranso mabokosi enawo?"

Adada anaponya chopalira pa benchi. "Mwina kwanu ku Dedza mumakwirira anthu ngati mbatata. Kuno timaika mwaulemu."

"Ulemu wanu ukudya njira, aShaba."

Anatha miyezi osapatsana moni. Anthu ambiri anali mbali ya adada. Ankati mlendo uyu alibe chisoni, amakonda mitengo kuposa anthu. Inenso pa nthawiyo ndinkaona ngati adada ndiwo anali ndi mtima.

Sekuru anamwalira Loweruka masana, atadwala chifuwa kuyambira nyengo yozizira itayamba. Kangachepe kamene kanali m'nyumba kanathera ku chipatala ndi ku mayendedwe. Matimati anali asanagulitsidwe. Amalume a ku Joni anati atumiza thandizo, koma lifika mkati mwa sabata. Madzulo a tsiku lomwelo Gogo NyaShaba anaitanitsa adada kuseri kwa nyumba. Ine ndinali pomwepo, ndikutsuka makapu.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero gogo, "kawatengere matabwa awo."

Ine ndinadziwa matabwa amene gogo ankanena. Mudzi wonse ukuwadziwa.

Popuma ntchito ku Chikangawa, Sekuru anabwera ndi matabwa a paini okhuthala, osapala, amene anasankha okha. Anali a bokosi lawo. Anawasanja m'denga la khitchini kuti utsi uziwateteza ku chiswe. Chaka chilichonse ankawatsitsa, kuwagogoda ndi nkhonya, kumvetsera, n'kuwabwezera. Ankati mlendo ayenera kudzikonzera yekha nyumba yomaliza, asadzavutitse eni mudzi. Ngakhale m'zaka za maliro ambiri zija sanaperekepo ndi limodzi lomwe, ndipo anthu ankawanena nazo.

Chaka chatha mvula inagwa yamphamvu kumapeto kwa dzinja. Kamalaza anasefukira n'kukokolola matabwa a pakati pa mlatho, pamene pamaponda matayala. Zipika zinatsala. Miyezi inapita anthu akuwoloka modendekera. Matimati atapsa, lole ya Mayi Nambewe inafika n'kuima tsidya lija. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kukambirana. Ena ankati ndi ntchito ya boma. Ena ankati tidikire wa voti uja. Ena ankati Mayi Nambewe ndiwo amapindula, agule okha matabwa. Dzuwa linkakwera, matimati ali m'madengu.

Kenako tinamva phokoso ku khitchini kwa Sekuru. Tinathamangira. Tinapeza akutsitsa matabwa aja, akuda ndi mwaye, ndipo gogo atagwira kumapeto kwa limodzi akukoka.

"Mwapenga kodi, bambo inu? Tidzakuikani m'chiyani?"

"M'mphasa. Ikadzasowa, m'thumba la feteleza. Ndine wamfupi, ndikwana."

"Musaseke! Abale anu adzati chiyani? Adzati Angoni anamudya mphamvu n'kumutaya ngati galu."

"NyaShaba, ine ndikadzafa sindidzakhala ndi ulendo. Matimatiwa ali ndi ulendo lero. Siya thabwalo."

Gogo anasiya, n'kukhala pansi pa chitseko n'kuyamba kulira ngati maliro achitika kale. Sekuru anakweza matabwa pa wilibala n'kudutsa nawo pafupi ndi mtengo wa mango, osayang'ana aliyense. Wilibalayo inkalira kwii kwii, ndipo amuna aja anasiya kulankhula. Woyamba kudzuka anali adada. Anapita ku shedi, anatenga sowo ndi nyundo yawo, n'kutsatira. Tsiku limenelo awiriwo anagwada pamodzi pa mlatho, wina akugwira, wina akukhoma. Misomali inali ija yowongola pa mwala. Atamaliza, Sekuru anayenda chambuyo kutsogolo kwa lole akukodola dalaivala ndi dzanja lawo la zala zinayi, mpaka matayala onse anafika tsidya lino. Azimayi analulutira.

Ndinali pafupi pamene Sekuru anatembenukira kwa adada.

"Mwakhoma nokha, aShaba. Musadzazulenso."

"Yewo, ndamva," anatero adada. Anagwirana chanza, manja onse ali oyilo.

Ndi matabwa amenewo amene gogo ankanena Loweruka.

"Ankhazi," anatero adada potsiriza, "ndinawalonjeza."

"Unalonjeza munthu wamoyo. Ine ndikukupempha za wakufa. Matabwawo ndi awo, sitikuba a munthu. Alendo a ku Dedza anyamuka mawa. Ukufuna adzapeze m'bale wawo ali m'mphasa, m'mudzi wa malata? Akatinene kwawo konse? Ndapota, mwana wanga. Usandichititse manyazi ndili wamasiye."

Kuno mawu a ankhazi ndi olemera. Adada anadzuka n'kuchoka.

Lamulungu m'mawa atsikana tinatumidwa kukatunga madzi a pa maliro. Tikutsikira ku Kamalaza tinamva kulira kwa misomali ikuzulidwa. Adada anali atagwada pakati pa mlatho ndi chitsulo chozulira, amuna ena awiri akulandira matabwa. Anzanga anapitirira n'kumatunga ngati sakuona. Ine ndinaima ndi chidebe m'manja. Adada anadzutsa mutu ndipo maso athu anakumana. Sindinaonepo nkhope ya adada ili choncho. Anali ngati mwana. Anabwezanso maso pa thabwa, ine n'kutsikira ku madzi. Mpaka lero sitinalankhulane za zimenezo.

Anapala matabwawo tsiku lonse. Anayesetsa chomene. Koma oyilo anali atalowa mkati, ndipo mabowo a misomali anatsala m'mizere. Pa chivundikiro panatsala mkwasa wakuda pamene pankadutsa tayala. Anakuta bokosi ndi nsalu, koma fungo silikutidwa ndi nsalu.

Alendo a ku Dedza anafika Lolemba m'mawa pa galimoto yaing'ono yonyamula katundu. Inaima tsidya lija. Anyamata anawoloka pa zipika, koma mlongo wawo wa Sekuru, Gogo Nabanda, ndi wokalamba ndipo miyendo imawavuta. Mnyamata wina wa kwathu anachita kuwabereka. Anafika pa siwa chitenje chitakwinyika, akupuma movutika.

Nthawi yoona nkhope itakwana, Gogo Nabanda anawerama pa bokosi. Analira pang'ono. Kenako anasiya, n'kununkhiza. Anakweza nsalu ndi dzanja, n'kuyendetsa chala pa mabowo aja.

"Kodi achimwene angawa mwawaika m'bokosi kapena mu injini ya chigayo?"

Wina kumbuyo anatsala pang'ono kuseka n'kusandutsa chifuwa. Pomaliza mayi wina wa mvano anawanong'oneza nkhani yonse. Gogo Nabanda anamvetsera, akuyang'ana Gogo NyaShaba, kenako adada.

"Ndiye kuti mwandiwolotsa pamsana ngati thumba la chimanga kuti mudzandionetse ulemu?"

"Tinkaopa kuti mudzati tamutaya m'bale wanu, alamu," anatero Gogo NyaShaba.

"Bambo athu otibala tinawaika m'bango, ndipo sanabwereko kudzadandaula. Uyu anachoka kwathu ali mnyamata. Chaka chilichonse tinkamuitana kuti abwerere, iye ankati sangasiye mlatho. Ine ndimati ndikafika ndiuone mlathowo." Anabwezera nsalu bwinobwino n'kuisalaza ndi chikhatho. "Chabwino. Ndauona. Tsekani."

Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Tinaimba nyimbo zonse mpaka kumanda. Fungo la oyilo linkatitsogolera njira yonse, ngati Sekuru akuyenda patsogolo pathu ndi chitini chawo. Manyazi amene gogo ankawathawa anatipeza tonse, pamaso pa alendo omwewo. Pobwerera, Gogo Nabanda anakana kuberekedwa. Anatsikira m'madzi n'kuwoloka ndi miyendo yawo, atagwira ndodo, madzi ozizira akufika m'mawondo.

Sindikudziwa woti ndimukwiyire. Gogo NyaShaba anakhala ndi mwamuna amene mudzi unkamutcha mlendo, ndipo ankafuna kuti tsiku limodzi lokha aoneke ngati mwini mudzi. Adada sanapindule kanthu. Amuna amene ankalandira matabwa ali ndi madimba tsidya lino ngati ife. Tonse tinkadziwa kuti lole ibwera Lachitatu. Chimene chikundiwotcha nkhope n'chakuti tinadziwa, n'kuchitabe. M'buku muja analemba za mayiko amene amadya mbewu yawo m'malo modzala, ndipo ine ndinkaganiza kuti akunena za anthu akuluakulu a m'maofesi a kutali.

Lole inafika lero dzuwa litakwera pang'ono. Inaliza hutala tsidya lija, n'kuzima. Mayi Nambewe anatsika, anayenda mpaka pa chibowo, anasuzumira pansi. Azimayi anali atathyola kale matimati kuyambira dzulo, chifukwa tomato sadziwa za maliro. Anayamba kuwoloka pa zipika ndi mabeseni pamutu, mmodzimmodzi, mapazi opanda nsapato. Zipikazo n'zoterera ndi oyilo. Mkazi wa a Tembo anaterereka n'kugwada, beseni n'kugwera m'madzi. Iye sanavulale kwenikweni, koma Kamalaza yense anafiira, matimati akuyandama kupita kumunsi, ana akuwathamangira. Atatero azimayi ena anaopa. Madimba ambiri ali kutali ndi mlatho, kumtunda, kumene lole inkafika kale. Zimene zinawoloka sizinadzaze ngakhale theka la lole.

Mayi Nambewe anaitana amama pambali, ine ndili nawo.

"Pepani ndi maliro, asisi. Madala aja ndinkawadziwa, ankandikalipira ndikadzaza kwambiri. Koma loleyi si yanga, ndimachita kubwereka. Sindingabwerere nayo ili ndi njala."

"Tikumva, mayi," anatero amama.

"Loweruka ndidutsanso. Ndikapeza chibowochi chilipo, ndikhotera njira ya ku Embangweni. Kumeneko akhala akundiitana kalekale. Ndipo ndisakunamizeni, ndikazolowera kumeneko ndiye kuti ndazolowera. Amuna a m'mudzi muno ali kuti?"

Amuna anali pa nyumba ya maliro, ati mwambo sulola kugwira ntchito zolemetsa asanasese. Adada anali mu shedi, chitseko chili chotseka theka. Pobwerera ndinamva akunola chopalira. Ananola nthawi yaitali kwambiri, chopalira chimene ananola kale Lamulungu.

Madzulo ano, dzuwa lisanalowe, ndinapita ndekha pa mlatho. Mwala wa Sekuru uli pomwepo, kumanja ukamachokera kumudzi. Pamwamba pake pali timaenje tating'onoting'ono ta misomali imene anawongolerapo, ndipo m'mbali mwake mwasalala pamene ankakhala. Pansi pa chitsamba pali chitini chawo cha oyilo, chovundikira ndi chibenthu cha lata, ndi kansanza ka nsalu ya voti ija katakulungidwa pa ndodo. Nyerere zayamba kale kumanga njira pamwamba pake. Palibe amene anandifunsa kuti ndikudya chiyani m'buku. Matabwa a m'mbali alipo, otuwa, ena ogwedera. Pakati pali zipika zokhazokha, ndipo pa zipikazo pakuoneka mizere yoyera pamene panagona matabwa awo. Ukaima pamenepo umaona madzi akudutsa pansi, ndi tomato mmodzi amene wakodwa pa muzu. Misomali imene adada anazula ili mbwee pa mchenga, yopindika. Ndinaitola yonse n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

Pobwerera ndinadzera kumtunda kwa kasupe. Mitengo yanga iwiri ija yakula, yawongoka, moti manja anga sakumana ndikaikumbatira. Ndinaima pansi pake n'kuganiza za mayeso a chaka chamawa, ndipo mantha anandigwira. Koma lole ikapita ku Embangweni, sindikuona kuti mtengo umodzi kapena iwiri ingandifikitse kutali, ine kapena mng'ono wanga.

Mawa kusesa kukatha ndipita ku shedi. Sindidikira kuti adada akhale okha, ndikufuna amuna ena aja amve. Ndikagwada pakhomo monga mwa ulemu, ndikamasula misomali ija n'kuiika pa benchi. Ndikawauza kuti mtengo umodzi wa banki ya Wezi ugwe mawa lomwelo, acheke matabwa okhuthala, Loweruka lisanafike. Winawo utsale. Mwina andikalipira kuti mwana wamkazi salamula za nkhwangwa. Mwina sayankha. Ngati sayankha, nditenga nyundo yawo pamaso pawo, ndipita nayo pa mwala wa Sekuru, ndipo ndiyamba kuwongola misomali mpaka amve kugogodako ali mu shedi.